Mutu 7: Inki Yobiriwira ya Ba Gilo

1. Tiyi Azizira

Lolemba m'mawa, m'nyumba ya a Ezekiel Kamanga ku Kabwata, wayilesi inalankhula mawu amene anaziziritsa tiyi m'makapu atatu.

"Woimba wotchuka Gilson Chola, amene ambiri amamudziwa kuti Ba Gilo, akaonekera kubwalo la milandu Lachisanu. Akumuganizira kuti analowetsa m'dziko muno galimoto yamtengo wapatali osalipira msonkho, ponama kuti ndi mphatso ya kwaya ya mpingo wina."

Towela anaima chilili, buledi ali kukamwa. Anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, wa giredi 11, ndipo kusukulu kwake ku Kabulonga anali wapampando wa gulu la okonda Ba Gilo. Udindowu unalibe malipiro, koma iye ankauyendera ngati unduna. Masamu ankamuzunguza mutu. Koma tsiku lobadwa la Ba Gilo, saizi ya nsapato zawo ndi dzina la galu wawo, izi akanakuuzani ngakhale mutamudzidzimutsa kutulo.

"Ni jelasi chabe," anatero. "Munthu akakwela, bantu bafuna kumugwetsa."

Kenaka pawayilesi panamveka mawu a mwini wake, ofewa ngati a munthu wopepesa pamaliro.

"Abale banga, ine ndine mwana wanu. Motoka ija ninagula chabe kwa mkulu wina wa chechi, dzina lake Ezekiel Kamanga. Mapepala onse anakonza ni iye. Ine ku Kabwata sininapondeko, olo kupitako na basi."

"Mayo ine!" anafuula amayi ake Towela, a Agness, supuni nkugwa pansi.

A Kamanga anatambasula dzanja nachepetsa mawu a wayilesi pang'onopang'ono, ngati kuti mlandu nawo uchepa.

Towela anayang'ana atate ake, nayang'ana wayilesi. Mmodzi mwa awiriwa ankanama, ndipo iye ankadziwa bwino lomwe kuti ndi uti, pakuti tsiku limene Ba Gilo anaponda ku Kabwata iye analipo.

2. Basi ya Kwaya

Zinachitika zaka ziwiri m'mbuyomo, Loweruka masana, kwaya ili pakati pokonzekera nyimbo. Ba Gilo analowa m'tchalitchi atavala magalasi akuda, ndipo sanawavule. Ananena kuti anzawo a kunja akufuna kupatsa kwaya basi. Chofunika chinali kalata imodzi yokha, yodinda chidindo cha mpingo, kuti basiyo idutse pamalire popanda msonkho, poti ndi ya ntchito ya Mulungu.

Chidindocho ankasunga ndi a Kamanga, mlembi wa mpingo kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Chinkakhala m'chitini cha mabisiketi, chokulungidwa m'kampango koyera. Anachitulutsa tsiku limenelo mwachimwemwe chachikulu.

Sabata isanathe, amayi a m'kwaya anali atakangana kale za amene azikhala mpando wakutsogolo. Awiri mpaka lero sapatsana moni. Koma basi sinabwere. Chimene chinabwera ndi chigalimoto chakuda cha mipando isanu, ndipo a kwaya anachionera pa TV, Ba Gilo akuvina pamwamba pake.

Towela yekha ndiye anapindulapo kanthu. Asanachoke mlendoyo, anamupempha kuti amusainire. Ba Gilo anatola pepala limene linali patebulo la muofesi, nalitembenuza, nalemba: "Kwa Towela, mwana wanga wa ku Kabwata." Pansi pake anaika tsiku, ndi siginecha yaikulu ngati njoka yowoloka msewu. Analemba ndi inki yobiriwira. Dziko lonse linkadziwa kuti salemba ndi inki ina, chifukwa ankati yabuluu ndi ya makalaliki, yakuda ndi ya apolisi.

Madzulo ake Towela anachotsa kalata yake ya ubatizo m'fulemu, naikamo pepalalo, nalipachika pamwamba pa bedi. Kuyambira pamenepo palibe amene ankaloledwa kulikhudza, ngakhale ndi nsalu yopukutira fumbi.

3. Meda Imodzi

Lolemba lomwelo a Kamanga anaitanidwa kuofesi ya misonkho m'tauni. Anabwerako dzuwa likupendeka, jekete ili pamkono.

"Akuti nanenso ndikaonekere Lachisanu," anatero. "A Chola ali ndi maloya atatu. Akuti iwo anangogula, wopusitsa boma ndine. Bwalo likakhulupirira zimenezo, iwo alipira msonkho nkupita kwawo. Ine ndipita kundende."

"Nanga inu muli ndi ndani?" anafunsa a Agness.

"Abusa ati andipempherera."

A Agness ankagulitsa nyemba ndi mtedza pamsika wa Soweto, ndipo pakamwa pawo panazolowera kupikisana ndi phokoso la mawilibala. Anatembenukira kwa mwana wawo.

"Towela, tandimvera, iwe wapampando. Ine m'mawa uliwonse ndisanagulitse ngakhale kapu imodzi, wotolera msonkho wafika kale ndi katikiti kake. Sandifunsa ngati ndagona bwino. Ndikachedwa kulipira, amanyamula meda yanga yoyezera, ndiye ndiziyeza ndi chiyani, chipewa? Sindidandaula, pakuti ndi ndalama zimenezo amatisesera ndi kutiikira madzi. Mankhwala amene unamwa kukiliniki chaka chatha sanagwe ndi mvula. Tsono wina akuba za dziko lonse kamodzi, anthu nkumati musiyeni, amaimba bwino. Kodi ine ndikayamba kuimba, tikiti andikhululukira? Pamsika pali anzathu ena amene amagogoda pansi pa meda kuti mulowe nyemba zochepa. Tikawagwira timawathamangitsa pamzere, kaya ndi wokongola, kaya ndi mlamu wa tcheyamani wa msika. Meda ikhale imodzi. Akayezera atate ako yodzaza, ayezerenso yodzaza mwana wa magalasi uja. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndi zoona, koma ndani anamukweza pamkhatepo? Ndi inu omwe, ndi manja anu owomba."

Towela anapita kuchipinda. Pakhoma njoka yobiriwira ija inali pomwepo.

4. Ba Pearl

Lachiwiri kusukulu anapeza gulu lake lili pantchito popanda iye. Anali atagwada kuseri kwa laibulale, akulemba zikwangwani zokanyamula kubwalo. Chachikulu chinkati: MUSIYENI GILO, AMATISANGALATSA.

"Olo analakwa, sibangamuike mu jele," anatero Emmy, mnzake wa ku Chelstone amene anali wachiwiri wake. "Ndani azatiimbila pa Khisimisi? Alipile chabe, nkhani isile."

"Nanga atate anga?"

Emmy anapukuta penti kuchala. "Iwe, ba dadi bako ni bakulu. Jaji azabamvela chifundo."

Belu lolowera m'kalasi linamupulumutsa Towela.

Poweruka, pachipata panali galimoto yoyera. Galasi linatsika, ndipo fungo la pefyumu linatuluka lisanaoneke dzanja. Anali Ba Pearl, manijala wa Ba Gilo, mayi wa zikhadabo zazitali amene ankagwira foni ngati akuopa kuti imuwotcha.

"Muli shani, ba cheyamani? Ngena, tikambeko," anamulonjera motero, akumutsegulira chitseko.

M'galimoto munali mozizira ngati m'mochare.

"Ba Gilo bamvela chifundo maningi pa nkhani ya ba dadi," anayamba Ba Pearl. "Sibagona. Manje mvela. Tikonza chionetselo cha zaka teni za Ba Gilo mu nyimbo. Ninaona pa gulu panu pa foni kuti uli na pepala yamene banakusainila. Tifuna uitibweleke, tiike pa galasi, dzina yako pansi."

"Ija ya ku Kabwata?"

Ba Pearl anamwetulira ndi mano okha. "Ija ya inki ya gilini. Ukabweletsa, tizapezela ba dadi loya wabwino. Bazavomela chabe mulandu mwakachetechete, loya azapempha chifundo, mwina sibazangena na mukati. Na iwe uzaoneka mu vidiyo yatsopano, kutsogolo, pafupi na Ba Gilo. Pa Chinayi, teni koloko, nizakuyembekeza ku Woodlands, pa ofesi yathu. Usauze munthu. Ni sapulaizi."

Towela anatsika m'galimotomo. Kuoneka m'vidiyo ya Ba Gilo linali pemphero limene ankalinena mumtima abusa akati aliyense apemphe chosowa chake. Ndipo loya, atate ake analibe.

5. Kuseri kwa Pepala

Lachitatu masana, atabwera kusukulu, anakwera pabedi natsitsa fulemu. Anapinda timisomali takumbuyo, nachotsa katoni. Kwa nthawi yoyamba m'zaka ziwiri anaona kuseri kwa chuma chake.

Sikunali koyera. Kunali kalata yotayipa, mutu wake dzina la mpingo, pansi pake chidindo. Pakati, pamene panalembedwa kuti "basi ya mipando makumi awiri ndi isanu ndi umodzi", wina anadulapo mzere. Pamwamba pa mzerewo analembapo kuti "galimoto yonyamula oimba", ndi nambala yaitali ya galimotoyo. Mzere, mawu ndi nambala, zonse zinali za inki yobiriwira.

"Atate!" anakuwa. "Atate, bwerani!"

A Kamanga anabwera akuganiza kuti mwalowa njoka. Anavala magalasi awo owerengera, nawerenga, natembenuza, nawerenganso. Kenaka anakhala pabedi mwadzidzidzi.

"Iyi ndi kalata yoyamba," anatero motsitsa. "Ataikonza a Chola, ndinatayipa ina. Ndinkayesa kuti iyi inapita kudzala."

Towela anawafotokozera zonse za Ba Pearl: chionetsero, loya, vidiyo. Atate ake anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anavula magalasi.

"Mwananga, khala apa. Pepala ili lili ndi mano mbali zonse. Likuluma a Chola, chifukwa likunena kuti anabwera ku Kabwata, anawerenga kalata, nasintha mawu ndi dzanja lawo. Koma likulumanso ine. Taona chidindo changa. Ndinadinda kawiri. Atadula mzere paja ndinafunsa kuti, 'Nanga mipando yapita kuti?' Iwo anaseka, nandigwira paphewa, nati, 'Mudala, ba ku boda sibakonda mawu yambili.' Nanenso ndinaseka. Zaka zonsezi sindinadindepo kalata ya ubatizo ndisanaone khandalo ndi maso anga. Tsiku limenelo ndinadinda basi imene sindinaione, chifukwa munthu wa pa TV anandigwira paphewa. Ndinafika kunyumba kuno ndikunyada, amako ndi mboni, jekete ija sindinalole kuti ichapidwe mwezi wathunthu. Ndiye usaganize kuti atate ako ndi oyera. Cholakwa changa ndi kupusa, ndipo kupusa nako kuli ndi mtengo wake. Ndiulipira. Koma sindinagulitse galimoto, sindinadyepo ngakhale ngwee imodzi. Loya wa mayi uja akabwera, ntchito yake idzakhala kundiphunzitsa kuvomera chimene sindinachite. Mwina sindidzalowa m'ndende, inde. Koma ndidzayenda mu Kabwata muno ngati mkulu wa mpingo amene anagulitsa basi ya kwaya, ndipo iwe udzakhala mwana wake mpaka kukalamba. Usadzaiwale ichi: munthu akakhala wotchuka, mawu ake amamveka patali, koma sakhala oona kuposa a mnzake. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere."

Anamubwezera pepalalo.

"Dzina lili apa ndi lako. Anakulembera iwe. Sindikulanda."

Towela analiyang'ana. Kutsogolo, "mwana wanga wa ku Kabwata". Kuseri, nambala ya galimoto. Dzanja limodzi, cholembera chimodzi, masana amodzi.

6. Pasiteji

Lachinayi m'mawa a Kamanga anayenera kukasainanso kuofesi ya misonkho. Anatuluka atavala jekete ija. Towela anatuluka pambuyo pawo atavala yunifolomu, pepala lili pakati pa buku lalikulu la mapu.

Pasiteji panali maminibasi awiri, wina tsidya lino, wina tsidya linalo.

"Woodlands! Woodlands! Mupando umozi, sisita, bwela!"

"Tauni! Tauni! Tiyeni ba tate, yazula!" anakuwa kondakitala wa tsidya linalo, kutanthauza kuti yatsala pang'ono kudzaza.

Foni inanjenjemera m'thumba. Unali uthenga wa Ba Pearl: "Cheyamani, usachedwe. Ba Gilo beka bazakhalapo."

Ba Gilo okha, maso ndi maso. Towela anaima pakati pa fumbi, kondakitala wa ku Woodlands atamugwira kale chikwama. Tsidya linalo atate ake ankakwera, akuweramitsa mutu wa imvi pakhomo la minibasi. Sanacheuke.

"Nisiye," anatero Towela.

"Iwe, ukwela olo siukwela?"

Anasolola chikwama chake, nawoloka msewu mothamanga, nadzipanikiza pampando wakumbuyo pafupi ndi atate ake.

"Sukulu ili uko," anatero a Kamanga, maso ali kutsogolo.

"Ndikudziwa, atate."

Kondakitala atatambasula dzanja, a Kamanga analipira za anthu awiri.

7. Benchi Lalitali

Wofufuza mlanduwo anali mayi Salifyanji, munthu wa nkhope yosasekerera, amene tebulo lake linali ndi mafayilo ofika pachibwano. Anatenga pepalalo ndi nsonga za zala. Anawerenga kutsogolo. Anatembenuza. Nsidze zawo zinakwera pang'onopang'ono mpaka kubisala m'wigi.

"Walisunga kuti zaka ziwiri zonsezi?"

"Pakhoma, m'fulemu."

"Maloya atatu," anatero mayiwo polankhula okha, "ndipo palibe anawauza kuti asamasainire ana."

Nthawi yomweyo foni yawo inalira patebulo. Nyimbo yake inali ya Ba Gilo, ija yomwe ankavina pamwamba pa galimoto. Mayi Salifyanji anaizimitsa nkhope ili gwa.

"Nyimbo ndi yabwino," anatero. "Msonkho ndi msonkho."

Anajambula pepalalo mbali zonse, nalitsekera m'envulopu, nalembera Towela kalisiti kosonyeza kuti alandira. Kenaka anayang'ana a Kamanga.

"Bambo, ndisakunamizeni. Pepala ili likubweretsa a Chola pabenchi la oimbidwa mlandu. Koma inu silikukuchotsanipo. Chidindo ndi chanu. Woweruza ndiye adzaone kuti mlandu wa wina ukulemera bwanji, wa wina bwanji."

"Benchi la kukhoti ndi lalitali, mayi," anayankha a Kamanga. "Ine ndinkangoopa kukhalapo ndekha, pamalo a anthu awiri."

"Ndipo iwe," anatero mayiwo kwa Towela, "udzafunika kuima ngati mboni. Adzakufunsa mafunso anthu amene amalipidwa kuti akulize. Udzatha?"

Towela anawayang'ana m'maso. "Ndidzanena zimene ndinaona."

Ali m'minibasi pobwerera, anayatsa foni. Ba Pearl anali ataimba kakhumi ndi kanayi. Panalinso uthenga wa Emmy: wina anamuona akulowa muofesi ya misonkho, gulu lakumana pa nthawi yopuma, ndipo upampando wake watha. Anamuchotsanso pagulu la pafoni. Unduna wa zaka ziwiri unatha choncho, popanda ngakhale mwambo wotsanzikana.

Anatsika pasiteji dzuwa lili paliwombo, nayenda kulowera kwawo. Atakhota pangodya ya msewu wawo anapeza ana a m'mudzi aunjikana, amayi atuluka ndi thovu la sopo m'manja, ngakhale wometa wa pakona wasiya munthu mutu uli theka.

Pachipata cha nyumba yawo panaima chigalimoto chakuda cha mipando isanu, injini ikulira. Boma linali lisanachilande, poti maloya anali akukokanabe. Galasi lakumbuyo linayamba kutsika, ndipo munaoneka magalasi akuda.

Towela anagwira mkono wa atate ake. A Kamanga anakonza kolala ya jekete, nayang'ana galimotoyo kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, ngati munthu wowerenga mipando. Kenaka anaitana mokweza, kuti msewu wonse umve:

"Amake Towela, tatulukani mudzaone! Basi ya kwaya ija yafika ku Kabwata."